Mawu a Chingerezi oyamba ndi I: ena ndi abale a Chipwitikizi, ena ndi msampha

Munthu wa ku Ulónguè akakwera chapa m'mawa, dzuwa lisanafike paliwombo amakhala atawoloka pa Calómuè, ndipo akangoponda ku Dedza zikwangwani zonse zimasintha chilankhulo. Anthu akulankhula Chichewa chomwechi cha kwathu, nsima ndi yomweyi, koma pepala lililonse limene angamupatse, la kuchipatala, la kubanki kapena la apolisi a pamsewu, lalembedwa m'Chingerezi. N'chimodzimodzi pa Zóbuè, pa Cassacatiza polowera ku Zambia, pa Cuchamano polowera ku Zimbabwe, komanso kwa abale athu a ku Niassa amene amatulukira pa Mandimba. Moçambique wachita malire ndi maiko 6, ndipo onsewo amagwiritsa ntchito Chingerezi m'maofesi a boma. Ichi ndi chimodzi mwa zimene zinachititsa kuti dziko lino lilowe m'bungwe la Commonwealth mu 1995, ngakhale silinalamulidwepo ndi Angerezi.

Ife amene tinaphunzira m'Chipwitikizi tili ndi mwayi umene anzathu a kutsidya alibe, koma mwayi womwewo ndi umene umatigwetsa. Mawu ambiri a Chingerezi anachokera ku Chilatini, ena molunjika, ena kudzera m'Chifalansa kuyambira pamene anthu a ku Normandy analanda England mu 1066. Chipwitikizi nachonso ndi mwana wa Chilatini. N'chifukwa chake munthu wa ku Tete akaona “information” amazindikira “informação” osatsegula dikishonale. “Identity” ndi “identidade”, “impossible” ndi “impossível”, “important” ndi “importante”. Vuto limabwera pamene mawu awiri afanana nkhope koma mitima yasiyana, ngati ana a mimba imodzi amene anakulira kosiyana. Pa chilembo cha I mawu otere alipo ambiri, ndipo amakonda kupezeka pamene kulakwitsa kumalipiritsa: pa malire, kuchipatala, pa ngongole ndi pa ntchito. Tiyeni tiwaone, omvera ndi owerenga athu.

Dzina la chilembochi

Chilembo chimene ife timati “i”, cha nambala 9 mu alifabeti, Mngerezi amachitchula “ai”. Ndipo akamva munthu akunena “i”, iye amalemba E, chifukwa ndilo dzina la E m'chilankhulo chake. Zimaoneka zazing'ono mpaka tsiku limene mukutchulira kalaliki dzina lanu chilembo ndi chilembo. Isabel amatuluka ndi pepala lolembedwa Esabel, Inácio amasanduka Enacio, ndiye pokatenga ndalama zimene wachibale watumiza, wa pa kauntala amakana chifukwa dzina la papepala silikugwirizana ndi la pa BI. Chapafupi ndi kungopereka chitupacho kuti akopere yekha. Mukakhala pa foni nenani “ai”, muwonjezere kuti “I for India”, monga amachitira apolisi ndi oyendetsa ndege.

M'kati mwa mawu, chilembochi chimamveka pawiri. Mu “ice”, “idea”, “item” ndi “ID” chimamveka “ai”, ndipo umu ndi mmene tinapezera mawu akuti ayisi, amene ogulitsa nsomba ndi zoziziritsa kukhosi amawadziwa bwino. Mu “in”, “it”, “ill” ndi “ink” chimamveka chachifupi, chofupika kuposa i wathu, chotsamira pang'ono kwa e. Mukachikoka, “it” amasanduka “eat”, kudya. Chisokonezochi chili ndi mbiri yake: kalekale Angerezi ankatchula I wautali monga mmene ife timatchulira, koma pakati pa zaka za m'ma 1400 ndi 1700 katchulidwe kawo kanasuntha, kalembedwe n'kutsala pomwepo.

“I” payekha ndi mawu athunthu, ndiye kuti “ine”, ndipo amalembedwa ndi chilembo chachikulu paliponse pamene ali, ngakhale pakati pa chiganizo. M'Chingerezi chakale anali “ic”, mbale wake wa “ich” wa Chijeremani ndi “ego” wa Chilatini, yemweyo amene anabala “eu” wa Chipwitikizi. Kwa ife amene timalemekeza mnzathu ndi “inu” ndi “a” patsogolo pa dzina, zimaseketsa kuti “ine” ndiye wavala chipewa chachikulu pamene “you” akuyenda wopanda. Koma pa kalata yofunsira ntchito “i” wamng'ono amaoneka ngati malaya osasita.

Pa malire

Ofesi imene ife timati Migração, kutsidya amalemba “Immigration”. “Immigrant” ndi munthu wolowa m'dziko la eni kukakhala, “emigrant” ndi wotuluka m'dziko lake, ndiye munthu mmodzi yemweyo amakhala zonse ziwiri, kungotengera mbali ya mpanda imene mwaima. “ID” ndi chitupa chilichonse chokuzindikiritsani, BI kapena pasipoti.

Mawu amene amagwetsa ambiri ndi “issue”. Alibe mbale m'Chipwitikizi, ndiye palibe chogwira. Pa fomu, “date of issue” ndi tsiku limene chitupa chinaperekedwa, “data de emissão”. “Place of issue” ndi kumene munakachitenga, osati kumene munabadwira. Ine ndemwe, ulendo woyamba kudzaza fomu ya Chingerezi pa malire, ndinalemba tsiku langa lobadwa m'mabokosi awiri, poganiza kuti akungobwereza funso. Wa pawindo anayang'ana pepalalo, anayang'ana ine, n'kufunsa m'Chichewa ngati ndinabadwa nditagwira pasipoti m'manja. Ndinabwerera kumapeto kwa mzere. Mawu omwewa polankhula amatanthauza nkhani kapena vuto. Wapolisi akati “there is an issue with your papers”, dziwani kuti mapepala anu ali ndi chovuta.

Kenaka pali “intend”, amene amamveka ngati “entender” koma sagwirizana n'komwe ndi kumva. “Intend” ndi kulinga, kukhala ndi cholinga chochita chinthu. “Intended length of stay” akufunsa masiku amene mukulinga kukhala. M'Chipwitikizi timati “pretender”, ndipo apa ndi pamene pali dzenje lachiwiri, chifukwa “pretend” m'Chingerezi ndi kunamizira. Munthu wofuna kunena kuti “pretendo ficar cinco dias” akamasulira mawu ndi mawu, amauza wa Immigration kuti akunamizira kukhala masiku 5. Si chiganizo chimene mungafune kuyamba nacho pawindo.

Amene amapita ku Joni ndi pasipoti ya Moçambique amaloledwa kukhala masiku 30 opanda viza. Masiku akadutsa munthu amasanduka “illegal”, wokhala mosemphana ndi lamulo, ngakhale analowa bwinobwino pa Ressano Garcia. “Invalid” ndi chitupa kapena chidindo chimene sichikugwiranso ntchito. “In transit” ndi kungodutsa, monga magalimoto akuluakulu ochokera ku Beira amene amawoloka Zambezi pa Tete akupita ku Malawi ndi ku Zambia. “Import” ndi kulowetsa katundu m'dziko, ndipo mukawoloka ndi galimoto yanu amakupatsani “temporary import permit”, chilolezo cholowetsa galimotoyo kwa kanthawi. “Insurance” ndi “seguro”, imene kutsidya amati inshuwalansi. Mukapezeka mulibe mapepalawa mudzamva mawu ena a I, “impound”, ndiye kuti galimoto aigwira, ikagona kupolisi mpaka mlandu uthe.

Kuchipatala

Mabanja ambiri a m'malire amapita kuchipatala chimene chili pafupi, osayang'ana mbendera. Madokotala ndi anamwino a kutsidya amalankhula nanu Chichewa, koma m'kabuku amalemba Chingerezi, ndipo kabukuko mumabwera nako kunyumba. “Ill” ndi kudwala, “illness” ndi matenda. “Injection” ndi jakisoni, imene ana a kuno amaithawa akamva kuti “pica”. “Infection” ndi pamene tizilombo talowa m'thupi, pamene “inflammation” ndi kutupa, kufiira ndi kutentha kwa malo odwalawo. “Immunisation” ndi katemera, ndipo I amene ali pakati pa HIV amachokera ku muzu womwewo, wonena za chitetezo cha m'thupi. “Infant” ndi khanda. “Iron” ndi chitsulo, ndi simbi yositira, komanso ndi mankhwala owonjezera magazi amene amayi oyembekezera kuno amawadziwa kuti “sal ferroso”. “Inpatient” ndi wodwala wogonekedwa, “internado”. Musawasokoneze ndi “impatient”, munthu wosaleza mtima, ngakhale pa mzere wa kuchipatala awiriwa amatha kukhala munthu mmodzi.

Awiri otsatirawa ndi amene ndikufuna muwasunge.

“Injury” ndi kuvulala, bala kapena kuthyoka, ndipo “injured” ndi wovulala. “Injúria” m'Chipwitikizi ndi kunyoza kapena kutukwana munthu, mlandu umene umatha kufika kukhoti. M'Chingerezi kunyoza ndi “insult”. Taganizani wachibale wanu ali ku Johannesburg, abwana ake atumiza uthenga wakuti “he was injured at work”. Wowerenga ndi maso a Chipwitikizi angaganize kuti anangokangana ndi munthu, amunyoza, zitha zokha. Koma uthengawo ukunena kuti wavulala pa ntchito, mwina ali m'chipatala. Fomu ya apolisi kapena ya inshuwalansi ikafunsa kuti “any injuries?” ikufuna kudziwa ngati pali amene wapweteka m'thupi. Mukalemba kuti ayi pamene mwendo watupa, chipukuta misozi mwadzitsekera nokha.

Winayo ndi “intoxicated”. Kwa ife “intoxicado” ndi munthu amene wadya kapena kumwa chinthu cha poizoni. Kwa munthu wamba wolankhula Chingerezi, “intoxicated” ndi woledzera. Anthu a chigawo chino sanaiwale za ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa, mu Januwale 2015, pamene anthu 75 anamwalira atamwa pombe pa maliro. Ofufuza anadzapeza kuti ufa wa chimanga umene anafululira mowawo unali ndi tizilombo totulutsa poizoni. M'Chipwitikizi nkhaniyo inali ya “intoxicação”. M'Chingerezi cha tsiku ndi tsiku mawu ake oyenera ndi “poisoning”, chifukwa kunena kuti anthu aja anali “intoxicated” kukanamveka ngati anafa ndi kuledzera, zimene si zoona ndiponso n'zonyoza malemuwo. Madokotala m'mabuku awo amatha kugwiritsa ntchito “intoxication” ponena za poizoni, koma inu musadalire zimenezo pakhomo la chipatala. Mwana akamwa palafini kapena mankhwala ophera tizilombo m'munda, mawu ofuula ndi “poison”, ndipo botolo lake mulitenge kuti alione.

In amene amakana, ndi in amene sakana

Ku sekondale anatiphunzitsa kuti “in” akakhala kutsogolo kwa mawu amatembenuza tanthauzo. “Correct” ndi zolondola, “incorrect” ndi zolakwika. “Complete” ndi zokwanira, “incomplete” ndi zoperewera. Kachidutswa kameneka kamasintha malinga ndi chilembo chotsatira: kamakhala “im” patsogolo pa p, b ndi m, monga “impossible” ndi “immature”, kamakhala “il” patsogolo pa l, monga “illegal” ndi “illiterate”, wosadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo kamakhala “ir” patsogolo pa r, monga “irregular”. Chipwitikizi chimachitanso chimodzimodzi, kungoti ife “ilegal” timalemba ndi l mmodzi.

Chimene ambiri sitinauzidwe n'chakuti Chilatini chinali ndi “in” awiri. Wina ndi wokana uja, wina amatanthauza “m'kati” kapena “kulowa”. Wachiwiriyu ndi amene ali mu “import”, “inject” ndi “include”, ndipo tanthauzo lomweli lilinso mu “income”, ndalama zolowa m'thumba. Ndiye lamulo la kusukulu lija limagwira theka chabe. “Inhabited” ndi malo amene kukukhala anthu, pamene “inabitado” wathu ndi kopanda anthu, kumene Mngerezi amati “uninhabited”. “Invaluable” si chinthu chopanda phindu, koma chamtengo wapatali moti sungachiikire mtengo. “Infamous” si munthu wosatchuka, koma wotchuka ndi zoipa, “infame”.

Woopsa pa onsewa ndi “inflammable”. Amatanthauza chinthu chosachedwa kugwira moto, chimodzimodzi ndi “flammable”. Awiriwa ndi mawu amodzi. Chimene sichiyaka amalemba “non-flammable”. Apa Chipwitikizi chimatithandiza, chifukwa “inflamável” timamudziwa, koma wophunzira wakhama amene waloweza kuti “in” amakana angaganize kuti m'thanki kapena m'chigubumo muli zosayaka. M'maiko ambiri olemba machenjezo anasankha kumalemba “flammable” pofuna kupewa chisokonezo chomwechi, komabe mawu akalewo akadali pa matanki ndi migolo yambiri imene imadutsa m'misewu yathu. Pa 17 Novembala 2016 ku Caphiridzange, m'boma la Moatize, thanki ya mafuta inaphulika anthu akutunga petulo, ndipo anthu oposa 70 anataya miyoyo. Sitikunena kuti ngoziyo inadza chifukwa cha mawu. Tikunena kuti pa msewu wa Tete kupita ku Zóbuè matanki amadutsa usana ndi usiku, ndipo mwana aliyense wokhala m'mbali mwake ayenera kudziwa kuti kaya palembedwa “inflammable”, “flammable” kapena “inflamável”, uthenga ndi umodzi: talikira, usayatse moto.

Pa ndalama

“Interest” ali ndi nkhope ziwiri. Yoyamba ndi chidwi, “interesse”, ndipo “interesting” ndi chinthu chochititsa chidwi. Yachiwiri ndi chiwongoladzanja, “juros”, ndipo imeneyi ndi imene ili pa pepala la ngongole. “Interest rate” ndi mlingo wa chiwongoladzanjacho. Mukaona nambala, maso athamangire pa mawu otsatira. “Per annum” ndi pa chaka, “per month” ndi pa mwezi. Tiyerekeze kuti mwakongola 5.000 meticais kwa miyezi 6 pa 10 peresenti. Ikakhala ya pa chaka, chiwongoladzanja ndi 250 meticais. Ikakhala ya pa mwezi, ndi 500 mwezi uliwonse, zonse pamodzi 3.000, ndiye mubweza 8.000. Nambala papepala ndi yomweyo, 10, koma wina wabwereka kubanki, wina walowa katapila. “Instalment” ndi “prestação”, ndalama imene mumapereka pang'onopang'ono mpaka ngongole ithe. Musanasaine, chulukitsani ndalama ya pa mweziyo ndi miyezi yonse, muone mtengo weniweni wa njinga yamoto kapena foniyo.

“Invoice” ndi “factura”, pepala lonena zimene mwagula ndi ndalama zoyenera kulipira. Si umboni wakuti mwalipira. Umboni ndi “receipt”, lisiti, “recibo”. Amalonda amene amakaoda katundu ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Joni afunika onse awiri, woyamba kuti a Alfândega awerengere msonkho, wachiwiri kuti wogulitsa asadzakane kuti analandira ndalama. “Incl.” ndi chidule cha “including”, kuphatikizapo, ndiye “incl. VAT” ndi mtengo umene msonkho wa IVA uli kale momwemo. Pa invoice yomweyo samalani ndi kadontho ndi kamchira. Ife timalemba 1.500,00 pamene Chingerezi chimalemba 1,500.00. Zizindikiro ziwirizi zinasinthana malo, ndipo munthu wothamanga amatha kuwerenga 1,500 ngati imodzi ndi theka.

“Inflation” ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu, mawu amene osintha makwacha ndi meticais pa malire amawamva m'thumba asanawamve pa wailesi. “Insufficient funds” ndi uthenga wa makina kapena wa foni wonena kuti ndalama zanu sizikukwana. “Invest” ndi kuika ndalama pa ntchito kuti zibale, ndipo “investment” ndi mawu abwino amene akuba a pa WhatsApp ndi Facebook awakonda kwambiri. Munthu wosamudziwa akalonjeza kuti 1.000 yanu ikhala 10.000 pofika Loweruka, kumeneko kulibe kuikiza ndalama, kuli kutaya.

Pa ntchito

Kuyambira pamene migodi ya malasha ya ku Moatize inakula, ndi njanji yopita ku Nacala imene imadutsa m'Malawi, achinyamata ambiri a chigawo chino akumana ndi Chingerezi cha pa ntchito. “Interview” ndi “entrevista”, mafunso a ntchito. “Internship” ndi “estágio”, ndipo “intern” ndi amene akuphunzira ntchitoyo, osati wogonekedwa m'chipatala kapena wa sukulu yogonera konko. “Induction” ndi maphunziro a masiku oyamba, makamaka a chitetezo, amene munthu amachita asanaloledwe kulowa pamalo a ntchito. “Incident” ndi chilichonse chimene chachitika mosayenera, ngakhale palibe wovulala, ndipo pa malo oterewa amafuna kuti chinenedwe kwa kapitawo.

Pa CV pali cholakwika chimene ndachiona kambirimbiri kwa achinyamata obwera kudzapempha kuti ndiwawerengere mapepala awo. Amalemba “Idioms: Portuguese, Chichewa, English”, potengera “idiomas”. Koma “idiom” ndi chining'a, mawu okuluwika, monga ife tikamati munthu watsamira mkono. Zilankhulo ndi “languages”. Wolemba ntchito akaona “idioms” pa mzere womwe mukudzitama kuti mumadziwa Chingerezi, wadziwa kale zimene amafuna kudziwa. “Inscription” nayenso si “inscrição”. Ndi mawu ozokotedwa pa mwala kapena pa chipilala cha pamanda, pamene kulembetsa sukulu kapena mayeso ndi “registration” kapena “enrolment”. Ndipo abwana akakuyamikirani chifukwa cha “ingenuity” musakwiye. “Ingenuidade” ndi kupusitsika msanga ngati mwana, koma “ingenuity” ndi luso lotulukira njira pamene ena asowa chochita, ngati la makaniko wa pansi pa mtengo amene amadzutsa galimoto ndi waya ndi mphira.

Pa kontrakiti mudzaona “initial here” m'munsi mwa tsamba lililonse. “Initials” ndi zilembo zoyamba za maina anu, ndipo kuzilemba ndi kumene ife timati “rubricar”. Kumatanthauza kuti tsambalo mwaliwerenga ndipo mwavomera, choncho si mwambo wongodzazira malo. Palinso “indemnity form”, imene amakonda kusainitsa pa maganyu, pa maulendo a ana a sukulu ndi malo ena, makamaka ku Joni. Chifukwa choti ikufanana ndi “indemnização”, munthu amasaina mokondwa poganiza kuti akumulonjeza chipukuta misozi. Kawirikawiri pepala limenelo limanena zosiyana, kuti mukavulala kapena katundu akawonongeka simudzawaimba mlandu eni malowo. Safunsa anadya phula. Pemphani kuti akumasulireni m'Chichewa, kapena tengani pepalalo mukaonetse munthu wodziwa, cholembera chisanakhudze.

Amisiri a matabwa ndi omanga nyumba ali ndi awo. “Inch” ndi “polegada”, masentimita 2,54, ndiye msomali wa mainchesi 4 ndi wa masentimita 10 ndi pang'ono. “Iron sheets” ndi malata.

Pa foni sitichedwapo, chifukwa achinyamata atiposa. “Inbox” ndi kumene kumafikira mauthenga, “install” ndi kuika pulogalamu m'foni, “incoming call” ndi foni yolowa, “invalid PIN” kapena “incorrect PIN” ndi nambala yachinsinsi yolakwika. Chimodzi chokha chimene ambiri sachidziwa ndi IMEI, nambala ya manambala 15 imene foni iliyonse ili ndi yakeyake. Imbani *#06# ndipo ionekera. Ilembeni m'kope kunyumba, chifukwa foni ikabedwa apolisi amaifunsa.

Tating'ono, ndi mbatata

Timawu tating'ono ta I ndi timene timabwera m'chiganizo chilichonse. “If” ndi “ngati”, ndipo pa mgwirizano ndi pamene pamabisala zonse: adzakulipirani “if” mwamaliza pa tsiku lakuti. “In” ndi “mu”, kusiyana ndi “on” amene ndi “pa”. Chipwitikizi chimaphatikiza awiriwa mu “em”, koma Chichewa chimawalekanitsa monga Chingerezi, ndiye mukakayika ganizani m'chilankhulo cha amayi: m'nyumba ndi “in the house”, patebulo ndi “on the table”. Sizigwira paliponse, koma zimakufikitsani patali. “It's” wa kamchira ndi chidule cha “it is” kapena “it has”, pamene “its” wopanda kamchira ndi “chake”, ndipo eni chilankhulo nawonso amalakwitsa. “In-laws” ndi apongozi ndi alamu onse pamodzi, thumba limodzi, chinthu chimene kwathu kuno sichingatheke. “Island” ndi chilumba, “ilha”, monga Likoma, chilumba cha Malawi chimene chili moyang'anana ndi Cóbuè, ndipo s wakeyo satchulidwa, amati “ailand”. Poyamba munalibe s m'mawuwa. Anamuwonjezera olemba a zaka za m'ma 1500 powafananiza ndi “isle”, wochokera ku “insula” wa Chilatini. Ndipo musavutike kufunafuna injini ndi injiniya pa I m'dikishonale. M'Chingerezi onsewa amayamba ndi E.

Alimi amene amamvera mawailesi a kutsidya amamva “inputs” nyengo ya dzinja ikayandikira. Ndi “insumos”, zipangizo za ulimi, makamaka feteleza ndi mbewu. “Irrigation” ndi ulimi wothirira, wa kudimba. “Insecticide” ndi mankhwala ophera tizilombo, ndipo pa botolo lake mawu akuti “instructions” ndi malangizo a kasakanizidwe, “ingredients” ndi zimene zili m'katimo, “if swallowed” ndi zoyenera kuchita munthu akameza.

Mlimi wa ku Angónia kapena ku Tsangano akafika ndi matumba ake pa msika wa m'malire monga Lizulu, wogula wochokera m'tauni amafunsa mtengo wa “Irish”. Mawuwa amatanthauza munthu kapena chinthu cha ku Ireland, chilumba choyandikana ndi Britain, koma pa msika ndi mbatata ya kachewere, “batata-reno” yathu yomweyi. Mbatatayi kwawo kwenikweni ndi ku mapiri a Andes ku South America. Inatenga dzina la Ireland chifukwa anthu a kumeneko anaidalira kwambiri, moti matenda atagwira mbewuyi kuyambira mu 1845, njala inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni ndipo enanso ochuluka chomwecho anathawira kunja. Olankhula Chingerezi amati “Irish potato” poisiyanitsa ndi “sweet potato”, mbatata ya kholowa. Ku Brazil, kumene amalankhula Chipwitikizi ngati ife, mbatata yomweyo amaitcha “batata-inglesa”, ya Angerezi. Pa Lizulu wogula sawonjezera n'komwe “potato”, amangoti “Irish bwanji thumba?”, ndipo mtengo amautchula m'makwacha.